Funsani Amalume: Ndigule chiyani kuti a m'boti andione ndikatulukira kutali?

Amalume, ndine mnyamata wa zaka 24, kwathu ndi ku Bembeke. Chaka chatha ndinaphunzira kudaiva ku Cape Maclear, ndipo ndikufuna ndizithandiza kuperekeza alendo pansi pa madzi. Mlendo wina yemwe ndinadaiva naye anali ndi kachipangizo ka GPS pa jekete yake yopopa ya odaiva, akuti ukasochera umangodina batani thandizo nkubwera. Ine ndalama zanga ndi za kachewere, sizichuluka. Kodi ndisunge kuti ndigule chimenechi, kapena ndiyambe ndi chiyani? Nanga zinthu zimenezi amazinyamula bwanji?
Wa ku Bembeke, Dedza

Mphwanga, batani limenelo lisiye kaye. Ndiyambe ndakuuza zomwe zinandionekera ine, chifukwa ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa chogula.

Unali mwezi wa July, mwera utayamba kuuzira masana. Tinalowa m'madzi awiri kuseri kwa chilumba cha Domwe, nyanja ili phee. Titatha mphindi makumi anayi tikuyang'ana mbuna m'miyala, tinatulukira pamwamba nkupeza nyanja ina: mafunde ofika m'chifuwa mwa munthu, ndipo madzi anali atatikokera kutali ndi pomwe tinalowera. Boti tinkaliona bwinobwino. Ngakhale chipewa cha woyendetsa ndinkachiona. Iye ankayang'ana uku ndi uku, ife osationa. Tinakuwa mpaka mawu kusasa, mphepo nkumawabweza kukhosi. Amene anatitola anali asodzi awiri a pa bwato, ndipo mmodzi anati poyamba ankayesa kuti ndi zitsa zoyandama.

Nkhani yonse yagona pamenepo. Iwe uli m'madzi umaona boti chifukwa ndi lalitali. Koma iwe ndiwe mutu chabe, wovala zakuda, waukulu ngati dzungu, womabisika kuseri kwa funde lililonse. Choncho ndalama yako yoyamba ipite pa chinthu chokutalikitsa.

Chinthu chimenecho odaiva amachitcha soseji, ena amati SMB. Ndi thumba lalitali lopopa, la mtundu wa olenji, lomwe limaima njo pamwamba pa madzi. Pa nyanja yathu usagule kakafupi kosafika mita imodzi. Funa ya mita imodzi ndi theka kapena kuposa, ndipo ngati ili ndi kansalu konyezimira kumutu, ndiye bwino. Zilipo za mitundu iwiri. Ina ndi yotsegula kunsi: ndiyotsika mtengo, koma ikagwa chammbali pa funde mpweya umathawa, iyo nkugona ngati nsanza. Ina ndi yotseka, yokhala ndi valavu yotulutsa mpweya wopitirira. Imeneyi ndiyo ndimakonda, chifukwa ngakhale utatopa nkuisiya, imakhalabe yofufuma. Kuti iime, uzikoka chingwe chake pansi. Ukachilekerera imagona, ndipo soseji yogona palibe amene amaiona.

Soseji imayenda ndi kachokulungira chingwe, spool, ka mamita 15 mpaka 30. Ubwino wake ndi woti umaitumiza pamwamba iwe ukadali pansi, pa mphindi zitatu zimene odaiva amaima pa mamita 5 asanatuluke. Woyendetsa boti amayamba kukutsatira msanga, komanso boti la injini lodutsa limadziwa kuti pansi pali munthu. Apa pali ngozi imene ndikufuna uimve bwino. Mpweya umafufuma pokwera. Womwe wauthira pa mamita 10 ukafika pamwamba umakhala pafupifupi kawiri. Ndiye soseji ikanyamuka imanyamuka ndi mphamvu. Usamangirire spool pa jekete kapena pa dzanja pamene ukuitumiza. Chingwe chikakodwa chidzakukweza ngati nsomba ya pa mbedza, ndipo kukwera mothamanga ndiko kumavulaza mapapo ndi kubweretsa matenda a thovu m'magazi. Chikakodwa, tayira. Soseji ina udzagula. Ndipo usayambe kuphunzira zimenezi tsiku la mavuto: pempha mphunzitsi wako muyesere pamalo osaya kangapo konse, mpaka manja azolowere.

Chachiwiri ndi wenzulo. Osati ya oyimbira mpira ija yokhala ndi kanjere m'kati; kanjereko kakanyowa kamamatirira ndipo imangolira ngati mwanapiye. Funa ya pulasitiki yopanda kanjere, monga Fox 40. Imange ndi kachingwe kakafupi pa paipi yopopera jekete, pomwe pakamwa pangafike osagwiritsa manja onse awiri. Kulinso kahutala kolumikiza pa paipi yomweyo, kotchedwa Dive Alert, komwe kamalira ndi mpweya wa m'thanki. Kamamveka kutali kuposa wenzulo, koma kamadalira mpweya umene watsala, ndipo poliza ukatalikitse ndi khutu. Ngati ndalama ilipo, nkabwino. Wenzulo isachoke ngakhale utakagula.

Chachitatu, kagalasi. Anthu amakaseka, koma kuno dzuwa sitisowa, ndipo kuwala kwa galasi kumafika kutali kumene mawu sangafike. Tambasula dzanja, ika boti pakati pa zala ziwiri, kenaka yendetsa kuwala kudutsa pa zalazo. Ukasowa kogula, CD yakale imathandizako, ingoti simachedwa kusupuka m'madzi.

Za tochi ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa pano mabuku a kunja sakuuza zonse. Amati nyamula tochi ngakhale masana, poti munthu wosochera 4 koloko mdima umamupeza akadali m'madzi. Nzoona. Koma iwe wakhalapo ku Chembe usiku wopanda mwezi, waona nyali za asodzi a usipa zitandandalika ngati tawuni. Tochi yako yoyaka mosalekeza idzangokhala nyali ina pakati pa nyali zambirimbiri. Chofunika ndi kuwala kosiyana ndi kwa asodzi: kothwanima. Gula tochi ya m'madzi yokhala ndi pothwanimitsa, kapena kanyali kotchedwa strobe. Njira ina ndi kugunditsa tochi kunsi kwa soseji, yonse imayaka ngati mzati wa moto. Palibe msodzi amene angaione osadabwa. Mabatire uziyesa m'mawa uliwonse, osati kungokhulupirira a dzana.

Tsopano batani lako lija. Chomwe unaona mwina ndi Nautilus LifeLine. Chimatumiza malo ako a GPS pa wailesi ya panyanja, kwa sitima ndi maboti okhala ndi makina a AIS, oonetsa pomwe pali sitima zina, kapena wailesi ya VHF yolandira uthenga woterewu. Kumene sitima zimadutsana tsiku lonse, monga ku gombe la South Africa, nchanzeru. Koma funsa woyendetsa boti lanu ngati ali ndi makina olandirira. Akapukusa mutu, ndiye kuti ukadina batani ukuitana munthu wopanda khutu. Mtundu wina ndi PLB, kachipangizo koitanira thandizo komwe kamatumiza uthenga pa 406 MHz kudzera pa masetilaiti opulumutsira anthu a Cospas-Sarsat. Imeneyo imafuna kulembetsa, imafunanso kachitini kolimba kosungiramo chifukwa zambiri sizipirira kuya kwa odaiva, ndipo uthenga umayamba wazungulira maofesi usanasanduke boti. Sindikuzinyoza. Ndikungoti amene ali pafupi nawe pa nyanja ino ndi woyendetsa boti lanu ndi msodzi wa pa bwato, ndipo awiriwa ali ndi maso ndi makutu basi. Foni ya m'kathumba ka pulasitiki isiye m'boti. Timatumba timeneto ndi ta osambira pamwamba.

Kanyamulidwe nkosavuta, kungoti anthu amachita ulesi. Soseji ikulunge bwino, uimange ndi kalabala, uiike m'thumba la jekete kapena uikolowetse pa mphete ya m'chiuno ndi kachitsulo kotseka. Pasakhale chinthu cholendewera, chifukwa miyala ya ku Thumbi ndi maukonde otayika amakola chilichonse. Galasi ndi tochi zikhale ndi kachingwe komangirira m'kati mwa thumba. Zala zozizira zimagwetsa zinthu, ndipo chogwa pamenepo chapita. Chilichonse chizikhala malo amodzimodzi nthawi zonse, kuti uzichipeza uli chitsinzinire. Mnzako wodaiva naye akhale ndi zake, chifukwa mukasiyana soseji imodzi sigawika.

Musananyamuke, khala pansi ndi woyendetsa boti. Muuze mphindi zomwe mukhale pansi, mbali yomwe mulowere, ndi mtundu wa soseji yako. Mugwirizane kuti manja onse pamutu ndiye kuti zili bwino, pomwe kugwedeza mkono mmwamba ndi kupempha thandizo. Alendo ena amagwedeza mkono popatsa moni, uwachenjeze. Ena a ku Ulaya amatenga soseji yachikasu ngati chizindikiro cha vuto. Ngati woyendetsa sanauzidwe, kwa iye ndi soseji basi. Ukatulukira kutali, popa jekete, mtovu wokuthandiza kumira utaye ngati ukukulemera, masiki asachoke kumaso, mugwirane ndi mnzako, ndipo usalimbane ndi madzi okoka.

Chinthu china sunafunse, koma poti ndiwe wa ku Bembeke sindingachisiye. Nyanja ili pa mamita oposa pang'ono 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe Dedza boma ili pafupifupi pa 1,600. Ukatuluka m'madzi masana nkukwera galimoto ya ku Golomoti, kudzera Khwekhwelere mpaka pa Masasa, thupi lako lakwera mamita oposa 1,000 m'maola ochepa, mpweya wa nayitirojeni ukadali m'magazi, zomwe zingabweretse matenda a thovu aja. Bungwe loona za chitetezo cha odaiva la Divers Alert Network limalangiza odaiva kudikira maola osachepera 12 asanakwere ndege ngati adaiva kamodzi, ndi 18 ngati adaiva kangapo kapena masiku otsatizana. Ine phiri lathuli ndimalitenga ngati ndege. Gona ku Chembe, ukwere mawa lake. Kachewere wako akudikira.