Dziko lingatseke mlengalenga wake

Achimwene, mwafunsa ngati dziko lingaletse ndege za dziko loyandikana nalo kudutsa pamwamba pake akayambana. Lingathe ndithu. Pangano la mayiko la za maulendo a ndege lomwe adasainirana ku Chicago mu 1944 limati dziko lililonse ndilo mwini wa mlengalenga womwe uli pamwamba pake. Algeria idatsekera ndege za Morocco mu 2021, ndipo DRC idachita zomwezo kwa ndege za Rwanda mu 2025 pa nkhani ya zigawenga za M23. Zikatero ndege imazungulira kutali, imamwa mafuta ambiri, tikiti n'kukwera mtengo.

Ife a ku Zomba tikakwerera pa Chileka kupita ku Johannesburg, timadutsa pamwamba pa Mozambique. Iwowa atati atseke, tingavutike zedi, chifukwa kothawira kwathu ndi Zambia ndi Tanzania basi.