Kodi 17,563,749 tiitchule bwanji m'Chichewa?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Dedza. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malawi muli anthu 17,563,749. Ana adandifunsa katchulidwe ka nambalayi m'Chichewa, komanso ngati ili odd kapena prime. Ndidangokanda mutu. Ndithandizeni.

Yankho: Aphunzitsi, kokani mpweya kaye. Nambalayo ndi iyi: mamiliyoni khumi ndi asanu ndi awiri, zikwi mazana asanu ndi makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu, mazana asanu ndi awiri, makumi anayi mphambu asanu ndi anayi.

Yatalika chifukwa Chichewa chimawerengera pa zala za dzanja limodzi. Tikafika pa zisanu timayamba kuwonjezera: 6 ndi zisanu ndi chimodzi, 9 ndi zisanu ndi zinayi. Onaninso kuti mawu owerengera amatsata dzina lake. Timati zikwi zitatu, koma mazana asanu. Kumapetoko ndati "asanu ndi anayi" poti tikuwerenga anthu. Akadakhala matumba a chimanga sindikadasintha, koma zikadakhala mbuzi ndikadati "zisanu ndi zinayi". Pa wailesi, kunena zoona, "anthu oposa 17 miliyoni" n'zokwanira, ndipo palibe cholakwa.

Tsopano za odd ndi prime. Musavutike kupeka mawu atsopano, fotokozani chimene nambalayo imachita. Mneni wathu ndi "kugawika", osati "kugawidwa". Nambala iliyonse ingagawidwe, monga nsomba zisanu ndi ziwiri zimagawidwa kwa ana awiri imodzi n'kutsala m'mbale. Kugawika ndiko kugawa popanda chotsala. Kachilembo kameneka ana ambiri amakaphonya.

Nambala yathuyi ikuthera ndi 9, choncho sigawika ndi 2. Ndiyo odd imeneyo: anthuwo atati aime awiriawiri, mmodzi angasowe mnzake.

Prime ndi nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, monga 13. Yathuyi si yotero. Wonkhetsani manambala ake, 1+7+5+6+3+7+4+9, mupeza 42. Poti 42 imagawika ndi 3, nambala yonseyo imagawikanso ndi 3, ndipo yankho ndi 5,854,583. Iyinso imagawika ndi 7 n'kupereka 836,369. Ndiye kuti 21 kuchulukitsa ndi 836,369 ibweretsa 17,563,749 ndendende.

Pa bolodi lembani mawu oti prime monga alili, poti ndi amene anawo adzakumane nawo pa mayeso, koma tanthauzo lake muwauze m'Chichewa. Kenaka apatseni choko ayese okha kugawa ndi 9, aone kuti patsala 6.