Nyama sitiiona kale, ndiye pa Lenti ndisale chiyani?

Sabata ino ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Chawama, mu Lusaka. Apempha kuti dzina lawo ndi la parishi yawo zisatchulidwe. Funso lawo, lokhudza Lenti, nyengo ya masiku 40 imene Akatolika timakonzekera Pasaka, ndalifupikitsa motere:

"Chaka chilichonse Lenti ikafika amatiuza kuti tisale nyama ndi kudzimana. Koma kunyumba kwathu nyama timaiona mwina kumapeto kwa mwezi, masiku ena onse ndi kapenta, soya ndi masamba. Amayi anga okalamba ali ndi matenda a shuga koma akuumirira kusala tsiku lonse. Ku mphakati nako, kagulu kathu ka akhristu oyandikana nyumba, atipatsa envulopu ya chopereka cha Lenti, ndipo atcheya akuti adzawerenga mayina a mabanja ndi ndalama zimene banja lililonse lapereka. Ndisale chiyani ine? Ndikalephera kupereka, ndachimwa?"

Amayi, zikomo polemba. Ndiyamba ndi agogowo, chifukwa nkhani yawo siyodikira.

Agogo asasale. Malamulo a Mpingo wa Katolika amene tikugwiritsa ntchito, a chaka cha 1983, amanena kuti kusala kudya kumakhudza munthu kuyambira zaka 18 mpaka atakwanitsa 59 n'kulowa chaka chake cha 60. Kusala nyama kumayambira zaka 14. Masiku olamulidwa kusala kudya ndi awiri okha, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Ndipo kusalako sikutanthauza kugona ndi njala. Papa Paulo VI, m'kalata yake ya 1966 yotchedwa Paenitemini, anafotokoza kuti munthu adye chakudya chokwanira kamodzi pa tsikulo, ndipo angathe kulawa kanthu kakang'ono m'mawa ndi madzulo. Madzi saletsedwa, mankhwala saletsedwa. Kusala kouma kuja, koyamba 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo popanda ngakhale dontho la madzi, ambiri takuonera kwa anzathu a mipingo ya Pentekoste. Ndi mwambo wawo ndipo ndimaulemekeza, koma si lamulo la Lenti.

Munthu wa shuga amene akumwa mapiritsi kapena kubaya insulin akadumpha chakudya, shuga imatha kutsika kwambiri. Amayamba kunjenjemera, thukuta kuti kamukamu, maso kuchita chidima, mwinanso kukomoka. Odwala, amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi onse amene mankhwala awo amafuna kuti m'mimba mukhale kanthu, Mpingo suwakakamiza. Ndikudziwa kuti makolo athu samva za ana awo pa nkhani za Mulungu. Mukawauza inu adzati mwana wa masiku ano alibe chikhulupiriro. Pemphani akatekisiti kapena bambo mfumu kuti awauze okha pakamwa. Bambo mfumu ali ndi mphamvu, malinga ndi malamulo omwewo, yomasula munthu kapena kumusinthira kusala ndi ntchito ina yabwino. Agogo akapatsidwa ntchito yopempherera adzukulu korona tsiku lililonse mpaka Pasaka, adzaigwira ndi mtima wonse, nsima akudya.

Tsopano za nyama. Lamulo losala nyama Lachisanu linabadwira m'maiko amene nyama inali chakudya cha madyerero ndipo nsomba inali ndiwo ya anthu wamba. Kuno ku Lusaka zinthu zinatembenuka. Pitani ku msika wa Soweto mukafunse mtengo wa bream yabwino ya ku Siavonga kapena buka buka ya ku Mpulungu, kenako mufunse wa mapazi ndi mitu ya nkhuku. Bwana amene Lachisanu akhala m'malo odyera ku Kabulonga n'kuitanitsa nsomba yowotcha ndi tchipisi walisunga lamulo, palibe angamutsutse. Koma kuti wadzimana, ine ndikukayika. Inu amene mwadya nkhwani wotendera, lamulolo mwalisunga musanaliganizire n'komwe, ndipo palibe mlandu pamenepo.

Chimene chimandivuta ndi ulaliki umene umauza anthu osauka kuti njala yawo aipereke kwa Mulungu, basi n'kuthera pomwepo. Lenti kwathu kuno imayamba mu February kapena March, nthawi imene kumudzi ku Katete, ku Chadiza ndi ku Petauke nkhokwe zili mbee, anthu akudikira maungu ndi chimanga chachiwisi. M'tauni ndi nthawi imene fizi ya mu January yangotikolopa kumene, mvula yadzaza m'nyumba ku Kanyama ndi ku Misisi. Mu 2024 tinadzola phulusa pa 14 February, kolera isanathe, bwalo la masewera la Heroes litasanduka chipatala cha odwala matendawa, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Chaka chomwecho a JCTR, bungwe la ansembe a chi Jesuit limene limawerengetsa mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu mwezi ndi mwezi, anapeza kuti ku Lusaka wadutsa K10,000. Banja limene likudya kamodzi pa tsiku chifukwa unga wakwera silikusala. Likuvutika, ndipo ntchito ya akhristu anzawo ndi kulichotsa m'vutolo.

Yesaya, m'mutu 58, anakalipira anthu amene ankasala kwinaku akupanikiza antchito awo ndi kukangana. Kusala kumene Mulungu amafuna, anatero mneneriyo, ndi kumasula omangidwa mopanda chilungamo, kugawana chakudya ndi anjala, kulowetsa m'nyumba osowa pogona ndi kuveka ausiwa. Papa Leo Wamkulu, amene anatsogolera Mpingo kuyambira 440 mpaka 461, ankaphunzitsa chimodzimodzi, kuti chimene wosala wadzimana chikhale chakudya cha wosauka. Ndiye kudzimana kwachikhristu kumafuna anthu awiri, wosiya ndi wolandira. Ukasiya shuga m'tiyi ndalama yake n'kutsala m'thumba mwako, wathandiza thupi lako ndi bajeti yako, ndipo zimenezo n'zabwino, koma mnzako sanaone kanthu.

Choncho funso loti ndisale chiyani ndimaliyankha ndi mafunso awiri. N'chiyani chimene chakugwirani? Ndipo mukachisiya, ndani apume?

Kwa abambo ambiri yankho silili patali. Ndi mowa wa Loweruka, ndi kubetcha mpira pa foni, kumene kwadya ndalama ya ndiwo m'nyumba zambiri mwakachetechete kuposa bala. Bambo amene wasiya kubetcha masiku 40 n'kumapereka ndalamayo kwa mkazi wake wachita Lenti yeniyeni, ngakhale atadya soseji Lachinayi. Kwa okongoza kaloba, kukhululukira chiwongoladzanja cha mwezi umodzi. Kwa amene ali ndi wantchito wa m'nyumba, kumulipira pa tsiku lake ndi kumulola kupita ku mapemphero a Njira ya Mtanda osamudula malipiro. Kwa amene anadya chilimba n'kuyamba kuzemba anzawo, kubweza. Izi zimawawa kuposa kusiya nyama, n'chifukwa chake ambiri timasankha nyamayo.

Kwa inu, amayi, sindikudziwani, koma ndikuganiza kuti chuma chimene muli nacho ndi nthawi ndi manja. Mu mphakati uliwonse muli munthu amene wagona miyezi. Tiyerekeze gogo wa m'chipinda chimodzi cha lendi, matiresi ali pansi, madzi a mvula analowa usiku, bulangete lanyowa ndipo likununkha, mwana amene amamusamala wapita kukagulitsa. Mayi amene wasiya tebulo lake la tomato m'mawa wonse, n'kukatunga zigubu ziwiri pa pompi, kuchapa bulangetelo, kuyatsa mbaula, kuphika phala la kapaketi ka pamela ndi kumumwetsa gogoyo supuni ndi supuni, wataya makasitomala a m'mawa umenewo. Ndalama yatayikadi, ndipo iye yekha ndiye akudziwa kuti ndi zingati. Kapena kudzuka mbandakucha kukamugwirira malo pa mzere ku kiliniki. Amayi a m'maparishi a Lusaka anazichita izi zaka zambiri m'magulu osamalira odwala kunyumba, nthawi imene Edzi inkatha anthu ma ARV asanafike, ndipo ambiri a iwo anali osauka ngati odwalawo.

Palinso kusala kwa pakamwa, kumene sikulira ngwee. Pa pompi, m'minibasi, pa gulu la WhatsApp la mphakati, nkhani ya mwana wa uje amene watenga mimba imayenda liwiro. Kuimva n'kuisiya kuti ifere mwa inu mpaka Pasaka ndi ntchito yaikulu. Ngati pali mlamu kapena mnansi amene simulankhulana naye chiyambire maliro aja, muyambe ndinu kupereka moni.

Tibwere ku envulopu. Chopereka cha Lenti pachokha n'chabwino ndipo n'chakale. Ndi njira imene zimene tadzimana zimafikira anthu amene sitingawafikire tokha. Koma chimasiyana ndi mtulo. Mtulo ndi udindo wa mkhristu wothandiza mpingo wake monga angathere. Chopereka cha Lenti ndi mphatso yachifundo, ndipo mphatso ilibe mtengo woikika. Mukalephera kupereka chifukwa mulibe, simunachimwe. Malamulo a Mpingo amachenjezanso ansembe kuti osauka asamanidwe masakramenti chifukwa cha umphawi wawo, ndiye wina asakuopsezeni kuti mwana wanu sabatizidwa chifukwa cha envulopu.

Za kuwerenga mayina, ndikunena mosabisa kuti atcheya alakwitsa. Uthenga Wabwino umene timamva pa Lachitatu la Phulusa chaka ndi chaka ndi Mateyo 6, pamene Yesu akunena kuti popereka zachifundo tisalize lipenga, dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. Timva zimenezi Lachitatu, phulusa lili pamphumi, ndiye Lamulungu tikhale pabwalo la nyumba ya wina n'kumaomba m'manja kuti banja lakuti lapereka zakuti, mayi wamasiye ali pamphasa wazyolika? Zotsatira zake timazidziwa. Amene alibe amayamba kujomba ku mphakati, kenako ku Misa. Ena amakatenga kaloba kuti asachite manyazi. Yesu atakhala pafupi ndi mosungira zopereka m'Kachisi, amene anamuyamikira anali mayi wamasiye wa tindalama tiwiri.

Komabe atcheyawo musawaone ngati mdani. Nthawi zambiri nawonso apanikizidwa. Ku bungwe la parishi miphakati imayerekezedwa, wakuti wabweretsa zambiri, wakuti watsalira, ndipo palibe mtsogoleri amene amafuna kuti mphakati wake ukhale kumchira. Chinanso, ndalama za mpingo zimabala manong'onong'o. Atsogoleri ena amawerenga mayina kuti asadzanenedwe kuti anadya. Nkhawa imeneyo ndi yoona, koma ili ndi mankhwala ena. Maenvulopu abwere omata, opanda dzina, aponyedwe m'dengu limodzi. Anthu atatu osakhala a banja limodzi awatsegule pamaso pa onse, awerenge, alengeze chiwerengero chonse, alembe m'buku ndi kusaina. Pambuyo pa Pasaka msungichuma abwere ndi risiti ya ku parishi. Ndipo akhristu ali ndi ufulu wofunsa, mwaulemu, kuti chopereka cha chaka chatha chinathandiza ndani. Anthu akaona kumene ndalama yapita amapereka osakakamizidwa.

Miphakati sinakhazikitsidwe kuti izikhala yotolera ndalama. Maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa limene Zambia ndi Malawi ali mamembala ake, anayamba kulimbikitsa timagulu timeneti pa msonkhano wa ku Nairobi mu 1973, ndipo mu 1976 anagwirizana kuti ikhale ntchito yoyamba ya Mpingo m'chigawo chino. Cholinga chinali choti akhristu oyandikana nyumba azidziwana, aziwerenga Mawu pamodzi ndi kunyamulana pa matenda ndi pa maliro. Lero m'malo ambiri msonkhano umatha motere: Mawu mphindi khumi, zolengeza za ndalama ola lathunthu. Ya denga la holo, ya chitenje cha parishi, ya mphatso ya alendo, ya kwaya. Chilichonse pachokha chili ndi chifukwa, koma zikaunjikana munthu wosauka amayamba kuona ngati Chikhristu n'cha olemera. Lenti ndi nthawi yabwino yoti mphakati nawo udzimane, uimitse zopereka zina zosafulumira, ufunse a gulu lothandiza osauka la Vinsenti wa Paulo Woyera kuti m'dera lino ndani wagona ndi njala.

Pa mapemphero sinditalikitsa. Njira ya Mtanda ya Lachisanu, ngati nthawi yake ikukupezani ku msika kapena pa mzere wa magalimoto mu Kafue Road, mungathe kuichita kunyumba madzulo ndi ana, malo onse 14, ngakhale malaiti atapita. Kulapa musadikire Sabata Loyera pamene mzere umazungulira tchalitchi. Pitani masabata oyambirira.

Nkhani ya mayinayo musaiyambitse pagulu, atcheya angaone ngati mwawachotsa ulemu. Tengani mayi mmodzi wachikulire amene iwo amamumvera, mukawaone kunyumba Lamulungu lisanafike. Muwauze kuti mukufuna kupereka, ndipo alipo ena amene akufuna kupereka koma akuopa kuwerengedwa, kenako mutchule njira ya dengu ija. Akakana, nkhaniyo ipite kwa akatekisiti kapena kwa bambo mfumu. Envulopu yanu muikemo chimene mungathe, kaya ndi K5, muimate, ndipo pa dzina musalembepo kanthu.