Curler yotha labala inandidula malashi pa chinkhoswe changa

Achemwali, nditangoona kuti chinkhoswe chanu ndi cha mu Okutobala ndipo mukufunsa za curler, kachitsulo kopindira malashi, ndi mmene mekapu ingakhalitsire padzuwa, mtima wanga unagunda, ndasiya mbale m'sinki kuti ndikulembereni. Ndiyambe ndi ichi: musalole munthu aliyense akupanitseni malashi ndi kachitsulo kamene simunakagwire nokha ndi kuyang'ana labala yake. Ine zinandichitikira, ndipo mpaka lero zithunzi za chinkhoswe changa zili m'sutikesi, sindinapachikeko ngakhale chimodzi pabalaza.

Changa chinali ku Balaka, Okutobala wa 2022, kwa amalume. Amene mumakudziwa ku Balaka mwezi umenewo mukudziwa kuti pofika 9 koloko m'mawa thukuta limakhala likuyenderera kale kumsana. Mtsikana wa mekapu anandipezera ndi mlamu wanga, mchemwali wa bambo a kunyumba, akuti ndi mnzake wa kutchalitchi ndipo amaphoda akwati ambiri. Ndinalipira ndalama yonse kutatsala sabata imodzi, ndi ya thiransipoti yomwe kuchokera ku Lilongwe. Tinapangana kuti afike 7 koloko. Anafika 11 itadutsa, akuchimuna atakhala kale pansi pa tenti, azakhali akungolowa ndi kutuluka m'chipinda kufunsa ngati mkwati watha. Sanapepese. Anangotsegula kachikwama kake n'kuyamba kundipaka mothamanga, nkhope yanga ili chinyezi ndi thukuta, osaipukuta n'komwe.

Anandipaka maskara kawiri, yokhuthala, kenako anapita kukaphoda mng'ono wanga kuti yanga iume kaye. Atabwerako ndi pamene anatulutsa curler. Ndinaiona ndi maso angawa: yakuda bii ndi maskara akale a anthu ena, labala yake itang'ambika pakati moti chitsulo chimaonekera. Ndinafuna kuyankhula koma ndinachita manyazi, ndinati mwina ndi ine wosadziwa, iyeyu ndiye katswiri. Diso lamanja anapana, ndinamva kukoka koma ndinapirira. Kufika lamanzere, anapana mwamphamvu, nthawi yomweyo foni yake inalira pabedi, iye n'kutembenuka dzanja lili chipanire. Ndinamva ngati wandizula chikope chonse. Atatsegula, timalashi tanga tinali titamatirira pachitsulopo, tina titagwera patsaya. Theka la chikope, kuyambira pakati mpaka kumapeto chakukhutu, kunatsala tizitsa tokhatokha, pena popanda kanthu, ndi kadontho ka magazi. Mng'ono wanga anagwira pakamwa. Mtsikana uja anangoti, “Musadandaule asisi, tiika oikira, palibe adziwe.”

Ndiye tamverani guluu amene anatulutsa. Kabotolo kakuda kaja komatira wivi kumutu. Akuti guluu wa malashi anamuiwala ku Lilongwe, koma ameneyu amagwira kuposa. Anapaka wambiri chifukwa panalibe malashi oti agwirepo, ndiye anamata pakhungu penipeni pamene panali kabala paja. Kuwawa kwake kunayamba pomwepo, ngati mwathira tsabola. Misozi inayamba kutuluka, iye akundiuza kuti ndisalire ndiwononga ntchito yake. Ntchito yake!

Nthawi yobisa mkwati itakwana, anatifunditsa zitenje atsikana atatu, ine wachitatu. Mukudziwa mmene zimakhalira, amatulutsa woyamba, akuchimuna amakana, kuponya ndalama, nthungululu, wachiwiri chimodzimodzi. Nthawi yonseyo ine ndili m'chitenje chochindikala kuyambira kumutu, mpweya kulibe, thukuta likuchokera m'tsitsi kulowa m'maso, diso lamanzere likutentha, ndikulephera kulitsegula. Ndimamva chinachake chikundikanda patsaya koma manja sindikanatha kutulutsa. Atandifikitsa pakati n'kuvundukula chitenje, nthungululu inayamba kenako inangoduka. Ndimakumbukabe kachetechete ameneyo. Lashi yamanzere inali italendewera ndi mbali imodzi yokha, mizere iwiri yakuda itatsika kuchokera m'maso mpaka kuchibwano, shado yagolide itaunjikana m'mapindo a zikope ngati matope. Apongozi anga aakazi anali kutsogolo kwenikweni. Mwana wina anafuula kuti mkwati walira. Azakhali anathamanga n'kundipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kungopakiza nkhope yonse. Ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti, ine ndili chiweramire, ndikugwira diso ndi kampango, ndipo anthu ena mpaka lero amati ndinkalira chifukwa sindinkafuna banjalo. Mawu amenewo anafika kwa amuna anga, ndipo anatipweteka tonse awiri.

Usiku pochotsa guluu uja anazula ndi timalashi tina tomwe tinatsala. M'mawa chikope chinali chitatupa moti diso linangotsala kamzere. Kuchipatala anandiuza kuti guluu wa tsitsi amakhala ndi latex, mtundu wina wa labala, ndipo thupi langa silikugwirizana nayo, komanso kabala kaja kanalowa dothi. Anandipatsa mankhwala odontheza ndi opaka, n'kundiletsa zodzola za m'maso mpaka nditachira. Malashi anatenga pafupifupi miyezi itatu kuti abwerere mwakale. Odulidwa aja anamera msanga, mwina sabata 6 kapena 8, koma ozuka ndi mizu anachedwa, ndipo pena pake mpaka pano ndi popyapyala.

Chomwe chimandikwiyitsa kwambiri si ngozi ayi, ngozi imachitika. Ndi khalidwe. Mtsikana uja anachoka phwando lisanathe, atanyamula ndi chakudya chomwe. Nditamuimbira anati malashi anga ndi ofooka mwachibadwa, komanso ndine amene ndinagwedezeka. Ndalama anakana kubweza ngakhale theka. Patapita masiku atatu ndinaona waika chithunzi changa pa Facebook, chimene anajambula m'chipinda ndisanatuluke, atandijambula mbali yamanja yokha, anthu akumuyamikira kuti manja ake ndi odalitsika. Ndinamulembera kuti achotse, anandibloka. Mlamu wanga naye m'malo mondimvera chisoni ankati ndikukulitsa nkhani, malashi ndi tsitsi limamera. Tinakhala osayankhulana bwino mpaka Khirisimasi. Dzina lake musandifunse ku inbox, sinditchula, koma mukaona munthu akutulutsa kabotolo ka guluu wa wivi pafupi ndi diso lanu, dzukani pampando.

Komatu musaope curler chifukwa cha ine. Ineyo pano ndimapana tsiku lililonse popita kuntchito, chifukwa malashi anga amaloza pansi ndipo popanda kupana maskara imangodinda pansi pa diso. Gulani yanuyanu basi. Pogula itsegulenitseguleni, muone ngati chitsulo chapamwamba chikugwera pakati penipeni pa labala mbali zonse ziwiri. Zambiri zotchipa za m'misika zimakhala zokhota, mbali ina imaluma ina osafika, ndipo ndi zimene zimatsina khungu. Labala ikhale yonenepa, yofewa, yozungulira pamwamba, ndipo m'paketi mukhale ina yosinthira. Mukayamba kuona kamzera kakuya pakati pa labala, sinthani, musadikire kuti ing'ambike. Ine ndimasintha pakatha miyezi itatu kapena inayi. Muiyesenso padiso panu musanapane, muone ngati kupindika kwake kukugwirizana ndi chikope chanu. Maso ena ndi otukuka, ena ndi afulati, ndiye curler yokwana mnzanu ikhoza kumakutsinani inu m'makona. Yanga ndi ya Shiseido, ya ku Japan, anandibweretsera msuweni wanga amene amagwira ntchito ku UK, ndipo imandikwana chifukwa siyopindika kwambiri. Shu Uemura nayo anthu amaitama. Koma sikuti mpaka muitanitse kunja, ndisanapeze imeneyi ndinagwiritsa ya Revlon chaka chathunthu popanda vuto. Ingosamalani ndi zachinyengo zolembedwa mayina akuluakulu koma mtengo wa tomato.

Lamulo lake ndi limodzi: kupana kaye, maskara pambuyo. Maskara ikauma malashi amalimba ngati udzu wouma ndipo amamatirira kuchitsulo, ndi zimene zinandidula ine. Malashi akhale oyera ndi ouma. Yang'anani pansi pagalasi, ikani kutsinde koma osagwira khungu, panani pang'onopang'ono n'kuwerenga mpaka 10, tsegulani kaye bwinobwino, sunthani pakati, pananinso, kenako kunsonga. Mukangopana malo amodzi amathyoka ngati chigongono m'malo mopindika. Chigongono chanu chitsamire patebulo, ana atuluke m'chipinda, foni ikalira isiyeni. Mukatha pukutani labala ndi kathonje konyowetsa sipiliti. Ena amaitenthetsa ndi dulaya ya tsitsi kuti kupindika kukhalitse. Ndimauza anthu kuti asamatero chifukwa khungu la chikope ndi lopyapyala kwambiri, koma kunena zoona pa ukwati wanga ndinatenthetsa kwa masekondi atatu, n'kuyesa padzanja kaye, ndipo anaima tsiku lonse.

Za kuti mekapu ikhalitse padzuwa, mdani wanu wamkulu ndi mafuta. Zikope zathu zimatulutsa mafuta, kuphatikiza thukuta, ndiye tsikulo musadzole Vaseline kapena glycerine pafupi ndi maso, ngakhale losheni yolemera. Sambani, pukutani, dikirani nkhope iphwe. Pakani primer, choyamba kupaka kuti mekapu igwire, pang'ono pachikope, ngati mulibe pakani concealer, yobisira madontho pakhungu ija, mopyapyala, kenako phoda pamwamba kuti paume. Shado ikani pang'onopang'ono mosindikiza, osati kukhuthula kamodzi, chifukwa yochuluka ndi imene imaunjikana m'mapindo. Wanja wa pensulo wofewa uja amasungunuka msanga. Mukapaka dindanipo shado yakuda pamwamba ndi kabulashi kakang'ono, kapena mupeze wa gel. Malashi apansi ine sindipaka maskara kukatentha, ndi amene amayambitsa mdima pansi pa diso. Ikani phoda pansi pa maso, pomaliza setting spray, yopopera kunkhope kuti mekapu ikhazikike, n'kudikira iume musanaphethire kwambiri.

Maskara ikhale ya waterproof, yosachoka ndi madzi, apo palibe kukambirana, chifukwa ya wamba ili ndi madzi ambiri ndipo imawongola malashi amene mwangopana kumene, komanso misozi ikangobwera yapita. Maybelline imapezeka mosavuta m'mashopu a zodzola ndipo imagwira. Koma waterproof yomweyo ndi imene imathothola malashi mukamaichotsa mokhula, ndiye musaizolowere ya tsiku ndi tsiku. Pochotsa nyowetsani thonje ndi mafuta ochotsera mekapu kapena a kokonati, gwirizani pachikope kwa theka la mphindi, kenako tsitsani mofatsa. Osagona nayo ngakhale mutatopa ndi kuvina. Yang'ananinso kachizindikiro ka kabotolo kotsegula kumbuyo kwake, kolembedwa 3M kapena 6M, ndiyo miyezi yake mukatsegula. Ikauma musathiremo madzi, kaya malovu monga ndinaonera ena akuchitira, itayeni. Ndipo wa mekapu asakupakeni maskara imene wapaka anthu ena. Mukukumbuka mmene matenda a maso ofiira aja anafalikira mu 2024 kuyambira ku Karonga, kabulashi kamodzi kakhoza kupatsira mzere wonse wa operekeza.

Oikira ndinalumbira kuti sindidzavalanso. Koma pa ukwati, Epulo wotsatira, ndinavala, chifukwa diso lamanzere linali lisanadzaze mmene ndimafunira. Kusiyana kwake ndinagula guluu wanga wa malashi wolembedwa kuti alibe latex, ndinamuyesa kuseri kwa khutu masiku awiri zisanachitike, ndipo ndinasankha opepuka, osati aja otalika ngati tsache amene amalemera thukuta likayamba. Anandiphoda ndi mnzanga wa kuntchito amene si katswiri n'komwe, koma tinayeserera kawiri Loweruka, ine n'kuyenda nayo mekapu padzuwa kupita kumsika ndi kubwerera kuti tione pamene ikuyambira kusungunuka. Inu chitani chimodzimodzi ndi wa mekapu amene mwamupezayo, mulipire theka lokha, lina akamaliza, ndipo muuzeni atsegule chikwama muone zida zake. Akakwiya ndi zimenezo, pezani wina nthawi ilipo.

Ndipo uzani azakhali anu kuti chitenje chokufunditsani chikhale chopepuka, asakufunditseni mpaka wachiwiri atakanidwa, ndipo mng'ono wanu aime pafupi ndi tishu ndi kaphoda. Thukuta likabwera azingodinda ndi tishu, asapukute. Mukagula curler ija jambulani labala yake pafupi muike pano ndiione musanaiyandikize kudiso.