Khansa ya galu ndi fupa la ku Swartkrans

Mayi wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg wanditumizira imelo. Akuti galu wa abwana ake amupeza ndi khansa, ndiye akufunsa kuti: kodi khansa si matenda a masiku ano, obwera ndi zakudya za m'mashopu? Nanga kwa galu yafikako bwanji, ndipo kodi sangandipatsire?

Mayi, khansa ndi yakalekale, ndipo umboni wake uli pafupi nafe konkuno ku Joni. Kuphanga la Swartkrans, m'dera la Cradle of Humankind, kunapezeka kafupa ka phazi la mtundu wina wa anthu akale, ka zaka pafupifupi 1.7 miliyoni. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Wits ndi anzawo analengeza kuti kafupako kanali ndi khansa ya m'mafupa. Nthawi imeneyo kunalibe ndudu ngakhale chakudya cha m'chitini. Fodya ndi mowa zimawonjezeradi chiopsezo, zimenezo musazitenge mopepuka, koma matendawa anayamba izi kulibe.

Khansa imayamba selo limodzi (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi) likasokonekera n'kumangochulukana osaleka, choncho galu, nkhuku, nsomba, zonsezi zimadwala.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi njovu. Ili ndi maselo ochuluka kutiposa kutalitali, imakhalanso zaka 60 kapena kupitirira, ndiye ikanayenera kutha ndi zotupa. Koma ayi ndithu. Katswiri wa ku Britain, Richard Peto, ndiye anaona m'ma 1970 kuti kukula kwa nyama sikutanthauza kuchuluka kwa khansa. Kafukufuku wa mu 2015 anapeza kuti mwa njovu 100 zilizonse, zofa ndi khansa sizikwana 5. Njovu ili ndi makope pafupifupi 20 a jini (malangizo a chibadwa amene ali m'selo) yotchedwa TP53, pomwe ife tili ndi imodzi yokha. Jiniyi ikaona kuti selo lawonongeka, imalilamula kuti life lisanabale mavuto. Pamene makolo a njovu ankakula matupi, chitetezo chimenechi chinkakulira limodzi.

Za kupatsiranazo, pali khansa zochepa kwambiri zimene nyama zimapatsirana zokhazokha. Agalu ali nayo ina ya kumaliseche, imene imayenda pokwerana, ndipo inachokera kwa galu mmodzi amene anafa zaka masauzande zapitazo. Ku Tasmania, chilumba cha ku Australia, nyama zotchedwa Tasmanian devil zimapatsirana zotupa za kunkhope polumana, ndipo zinayamba kuonekera mu 1996. Koma khansa ya galu siyambukira munthu. Mupatseni chakudya, msambitseni monga mwa masiku onse, musaope kumugwira.