Mafunso ndi Mayankho: Sayansi pa sukulu yopanda labotale

FUNSO: A Mkonzi, ine ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya boma ku Kanyama, mu mzinda wa Lusaka, kupulayimale ndi ku fomu 1 komwe. Chiyambireni maphunziro aulere mu Januwale 2022 ana achuluka zedi, koma zipangizo zathu ndi thermometer imodzi ndi mabika awiri, ina mwa iyo yong'aluka. Mwezi watha ndinawiritsa madzi pamaso pa ana kuti aone kuti amawira pa madigiri 100, koma thermometer inaima pa 96, ndipo mtsikana wina anandifunsa ngati buku likunama. Ndinasowa chonena. Kodi thermometer yathu inatha ntchito, nanga zipangizo zodalirika ndingazipeze kapena kuzipanga bwanji? — Mphunzitsi wa ku Kanyama

YANKHO: Aphunzitsi, thermometer yanu ili bwinobwino, ndipo bukulo silinaname, kungoti silinanene zonse. Madzi amawira pa madigiri 100 m'malo a m'mphepete mwa nyanja yamchere monga Beira kapena Dar es Salaam, pamene Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280. Kumtunda mpweya supanikiza kwambiri pamwamba pa madzi, choncho amawira asanatenthe kufika pa 100, ndipo pa mamita 300 alionse amene munthu wakwera, pamachoka pafupifupi digiri imodzi. Mukawerengetsa mupeza 95 kapena 96, ndendende zimene ana anu anaona. Mwa maganizo anga, tsiku limenelo munaphunzitsa sayansi yeniyeni kuposa masiku amene zonse zimagwirizana ndi buku.

Pa nkhani yopanga zipangizo, musayambe ndi kutolera mabotolo ndi makatoni, chifukwa makalasi ambiri adzaza ndi zinthu zokongola zopachika pakhoma zimene mwana sazigwira n'komwe. Tsegulani silabasi ya a Curriculum Development Centre, ndipo pa mutu uliwonse mudzifunse chimene mwana ayenera kuona ndi maso ake kuti amvetse. Mukatero mpamene mufunefune chinthu chimene chingamuonetse zimenezo.

Tengani mutu wa ma asidi ndi ma alikali. Gulani kabichi wofiira ku msika wa Soweto, mumuduledule, mumuviike m'madzi otentha kwa kanthawi kenako musefe. Madzi apepo amene atsalewo agwira ntchito ya litmus, kapepala kamene kamasintha mtundu posonyeza ngati chinthu ndi asidi kapena alikali. Mukathiramo madzi a ndimu kapena viniga amasanduka ofiira, koma mukathiramo chidulo, chomwe chija amayi amatcheza ku phulusa pophika therere, amasanduka obiriwira. Mwana amene wakula akuona chidulo chikudontha m'kambale kukhitchini sadzaiwalanso kuti alikali n'chiyani, ndipo mudzamuona akufuna kuyesa sopo, soda ndi mankhwala otsukira mano. Chimodzimodzi ayodini wothira pa zilonda, wogula ku famasi: dontho limodzi pa ufa, pa chinangwa kapena pa mbatata limachita bii, kusonyeza kuti muli sitachi, pamene pa shuga kapena pa mchere silisintha.

Zoyezera nazonso mungathe kupanga, bola muyambire pa chinthu chimene muyeso wake ndi woona. Sirinji yatsopano yopanda singano, ya mamililita 10, ikuthandizani kulemba mizere pa botolo lapulasitiki loongoka, ndipo popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, mabotolo a madzi angakhale miyala ya sikelo yanu.

Komabe sindikunamizani kuti chilichonse chingapangidwe pamanja. Kupulayimale zopangapanga zimakwanira pa mitu yambiri, koma mwana wa kusekondale amene adzalemba mayeso a Examinations Council of Zambia ayenera kuti anagwirapo ammeter ndi voltmeter (zoyezera magetsi), burette (choyezera zamadzimadzi) ndi microscope zenizeni, ndipo palibe chitini chimene chingalowe m'malo mwa zimenezi. Palinso zina zimene simuyenera kuyesa ngakhale pang'ono: asidi wa m'batire la galimoto, magetsi a pakhoma a mavoti 230, ndiponso kutenthetsa madzi m'botolo wamba lagalasi, limene limaphulika likapsa. Pophunzitsa za magetsi, mabatire a tochi a mavoti 1.5 ndi okwanira.

Zogula zimenezi muzilembe pa mndandanda waufupi, wosapitirira zofunikadi, mupite nawo kwa ahedi. National Science Centre, imene ili ku Kabulonga pansi pa Unduna wa Zamaphunziro, imapanga malabotale oyenda, amene amakankhidwa kuchoka m'kalasi ina kupita m'kalasi ina, ndipo ahedi angafunse njira yopezera imodzi kudzera ku ofesi ya DEBS, mkulu woyang'anira maphunziro m'boma lanu. Thumba la CDF, la ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo pempho limayambira ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya m'wadi yanu. Madesiki ndi makalasi ndi amene amamveka kwambiri pa misonkhano imeneyo, motero pafunika munthu wokumbutsa makolo kuti sayansi nayo ili ndi zosowa zake.

Ntchitoyi musaisenze nokha. Njira ya lesson study, imene inayamba m'chigawo cha Central mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la boma la Japan la JICA, imafuna kuti aphunzitsi akonzere limodzi phunziro, mmodzi aliphunzitse anzake akuonerera, kenako akambirane pamene panavuta. Chipangizo chilichonse muchiyese kaye nokha kunyumba, ndipo mulembe pa kakhadi mutu wake, zofunika pochipanga ndi zimene zinachitika, ngakhale pamene zinakanika. Makhadi otere akasungidwa ku resource centre ya zoni yanu, mphunzitsi wa ku Chawama kapena ku Matero sadzayambanso pachiyambi. Ana a kalabu ya sayansi ya JETS ndi amene angakuthandizeni kukhoma, kumata ndi kusamala zipangizozo.

Sabata ikubwerayi wiritsaninso madzi aja, mumuitane mtsikanayo kuti awerenge thermometer yekha, ndipo pa bolodi mulembe 96 pambali pa mamita 1,280. Ndiye mufunse kalasi yonse kuti madzi angawire pa madigiri angati ku Chirundu, kuchigwa cha Zambezi.