Penti wofiirayo ayambe wadikira

Achemwali, mwafunsa ngati n'kulakwa kutenga penti n'kukakonza mawu amene munthu wina anapopera pa khoma la m'mbali mwa msewu, poti tsiku lililonse mukamadutsapo maso amakuwawani ndi masipelo olakwika komanso nkhodolero yosowa. Ndaona ambiri akukulimbikitsani kuti mukagule penti wofiira lero lomwe. Ine ndikuti musatero, ngakhale kuti kalembedwe kabwino ndimakakonda ndi mtima wonse.

Mu mzinda wa Pompeii ku Italy, umene unakwiriridwa ndi phulusa pamene phiri la Vesuvius linaphulika m'chaka cha 79, akatswiri ofukula zakale anapeza zolemba masauzande ambiri pa makoma. Anthu ankalembapo za chikondi, za ngongole, zotukwana, za zisankho, ndipo ena ankangolemba dzina lawo basi. Zambiri mwa izo zili ndi zolakwika zimene mphunzitsi wa Chilatini akanazidula ndi cholembera. Pali mawu ena odziwika bwino ofunira moyo wabwino aliyense amene amakonda. M'Chilatini cha m'mabuku munthu ankayenera kulemba kuti "amat", kutanthauza "amakonda", koma wina pa khoma analemba kuti "ama", kusiya t wakumapeto, chifukwa ndi mmene iye ndi anzake ankatchulira. Lero mu Chitaliyana ndi mu Chisipanishi anthu amati "ama", ndipo ndi zolondola. Ena ankasiya h kumayambiriro kwa mawu, ena m kumapeto. Katswiri wina wa ku Finland, Veikko Väänänen, anatulutsa buku lathunthu mu 1937 lofotokoza Chilatini cha anthu wamba pogwiritsa ntchito zolemba zimenezi. Mabuku a anthu ophunzira amationetsa mmene Chilatini chinkayenera kulembedwera, pamene makomawo amatiuza mmene chinkamvekera m'kamwa mwa wophika buledi ndi kapolo. Pakanakhala munthu woyenda usiku n'kumabwezera t aliyense pamalo pake, umboni wonsewo ukanafafanizika.

Cholakwika cha pa khoma chimanena za wolembayo. Chimaonetsa mmene amatchulira mawu, pamene sukulu anailekezera, chinenero chimene anayamwira, ngakhalenso mantha amene anali nawo, chifukwa ambiri amalemba mumdima, mofulumira, khutu lili kwa mlonda. Munthu wotereyu alibe mpata wobwerera m'mbuyo kuti aone ngati waika mpatuliro. Akalemba kuti akufuna ntchito, kapena kuti mnzake anaphedwa pamalo amenewo, inu n'kuona chilembo chosowa chokha, zimakhala ngati munthu akukuuzani uthenga wa maliro inu n'kumuuza kuti batani la malaya ake lamasuka. Ndaona kawirikawiri kuti kuloza sipelo ndi njira yosavuta yothawira zimene munthuyo wanena. Ukaseka kalembedwe kake, mtima umakuuza kuti wamuyankha, pamene nkhani yake sunaikhudze n'komwe.

Komanso si zonse zooneka zolakwika zimene zinalakwika mwangozi. Graffiti yamakono, ndiye kuti zolemba ndi zojambula zopopera pa makoma, inakula m'mizinda ya Philadelphia ndi New York ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1971 nyuzipepala ya New York Times inalemba za mnyamata wina amene ankalemba kuti TAKI 183 paliponse, dzina lake lachidule ndi nambala ya msewu wa kwawo. Achinyamata amenewo ankasankha zilembo potengera maonekedwe ake, mmene chimodzi chikukolerana ndi chinzake, ndi mmene dzanja lingachilembere msanga. Wina amasintha chilembo dala kuti dzina lake lisafanane ndi la mnzake. Ndipo pakati pawo, kulemba pamwamba pa ntchito ya wina ndi chipongwe chachikulu, chimene chimayambitsa mkangano weniweni. Inu mungapite ndi mtima wa uphunzitsi, koma mwini zolembazo adzaona kuti mwamuputa.

Sindinu woyamba kukhala ndi maganizo amenewa. Ku Quito, likulu la dziko la Ecuador, mu 2014 kunayamba kagulu kotchedwa Acción Ortográfica Quito, ka anthu obisa mayina awo, amene ankayenda usiku ndi penti wofiira n'kumaonjezera mipatuliro, mifunsiro ndi tizizindikiro tapamwamba pa zilembo pa graffiti ya anthu ena. Zithunzi zawo zinafala kwambiri pa intaneti ndipo anthu anasangalala nazo. Ine zimandimvetsa chisoni ndikaganizira amene analemba poyambayo, chifukwa zina mwa zimene anakonzazo zinali mauthenga achikondi. Munthu watsanula mtima wake pa khoma, kutacha akupeza dziko lonse likuseka kuti sadziwa kulemba. Ku America nako, mu 2008 anyamata awiri, Jeff Deck ndi Benjamin Herson, anayendayenda m'dzikolo akukonza zikwangwani. Atafika ku paki yotchuka ya Grand Canyon anakonza nkhodolero ndi kuonjezera mpatuliro pa chikwangwani chakale cholembedwa pamanja, m'nsanja imene Mary Colter anajambula mapulani ake. Khoti linawalipiritsa ndalama zopitirira madola 3,000 ndi kuwaletsa kulowa m'mapaki a boma kwa chaka chimodzi. Lamulo siliona kuti penti wanu akukonza kapena akuwononga. Khomalo lili ndi mwini wake, ndipo mukapoperapo popanda chilolezo, mlandu wanu ndi wofanana ndi wa uja munamuseka.

Musandimve ngati ndikunena kuti zizindikiro zilibe ntchito. Zili nayo, ndipo ife tikudziwa bwino kuti m'bale ndi mbale zimasiyana ndi kachizindikiro kamodzi kokha. Koma pa khoma palibe amene angawerenge kuti "mbale wanga ndimakukonda" n'kuganiza kuti munthuyo akulankhula ndi chiwiya. Mawu oyandikana nawo amamasulira okha. Funso limene ndimadzifunsa ndi lakuti, kodi cholakwikacho chasokoneza tanthauzo, ndipo kodi wolembayo anali ndi udindo wolemba bwino? Chikwangwani cha boma, chenjezo la pa mankhwala, buku la ana a sukulu, chilengezo cha kampani imene inalipira munthu kuti alembe, pamenepo ndiye pofunika kulimba mtima. Olemba zimenezo anali ndi nthawi, ndalama ndi anthu owerenganso asanasindikize, ndipo ana amaphunzira kulemba poona zomwezo. Chimandipweteka n'chakuti ambiri amene amathamangira kujambula graffiti ya mnyamata wosauka n'kuiika pa Facebook kuti anthu aseke, amadutsa chikwangwani cha ofesi cholakwika chimodzimodzi osanena kanthu. Ukali wawo umagwera amene sangayankhe.

Mwatchulanso kuti ana amadutsa pamenepo ndipo mukuopa kuti atengera. Nkhawa imeneyo ndi yomveka, ndipo ndi mfundo yamphamvu kuposa zonse zimene zanenedwa pa nkhaniyi. Koma mwana amene amawerenga mabuku kunyumba ndi kusukulu sasokonezeka ndi khoma limodzi. Mungathenso kuligwiritsa ntchito. Mukamayenda naye, mufunseni kuti aone chimene chikusowa, kenako mumufunse kuti akuganiza kuti wolembayo ankafuna kunena chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani anasankha khoma m'malo mwa pepala. Mwana amaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kulemba molondola ndi kumvetsera munthu amene sanalembe molondola.

Ngati mawuwo ndi otukwana kapena onyoza anthu ena, nkhaniyo ndi ina, ndipo kukonza sipelo yake kungakhale kuwathandiza kuti amveke bwino. Zikatero kauzeni mwini khoma kapena akuluakulu a dera kuti afafanize zonse. Ngati khomalo ndi lanu, chitani nalo zimene mukufuna. Koma ngati ndi la munthu wina ndipo mawuwo ndi kulira kwa munthu, kapena dzina la wokondedwa wake, asiyeni mmene alili. Mphamvu zimenezo muzitengere ku chikwangwani cha ofesi kapena cha sukulu chimene chalakwika: alembereni kalata eni ake mwaulemu, muwasonyeze pamene palakwika ndi mmene payenera kulembedwera, ndipo akachedwa kuyankha muwakumbutsenso.